Tizithunzi ta Bambo Tasuntha

"Sindinafufute kanthu ine. Zonse ziwiri zilimo."

"Nanga tizithunzi ta bambo wasuntha ndani, achimwene? Mphepo?"

Mtsikanayo anali chiimire kumbuyo kwa mpando wa mchimwene wake, amene anali pa kompyuta, thumba la kumsika likadali m'manja. Kompyutayo inali ya malemu bambo awo, amene ankatayipira anthu makalata m'kachipinda kakumaso. Atamwalira, mchimwene wakeyo anatenga ntchitoyo, n'kuikamo mawonekedwe atsopano pambali pa akale. Poyatsa umasankha wekha wolowamo, ngati nyumba ya makomo awiri. Mtsikanayo ankalowera khomo lakale tsiku lililonse, osagwira kanthu, kungokhala.

Diso lamanzere litayamba kuchita nkhungu, bambo anaunjika tizithunzi tonse ta mafayilo kungodya yakumanja, tothithikana ngati anapiye obisala mvula. Akafuna kalata ankapendeketsa mutu, mphuno pafupi ndi galasi. Mtsikanayo naye ankapendeketsa mutu chomwecho, mpaka kumva ngati fungo la jekete lawo. Lero wapeza tonse tandandalikidwa kumanzere, pamzere wowongoka ngati ana asukulu.

"Mawonekedwe awiriwa amasunga zonse mu foda imodzi," anatero mchimwene wake, maso ali pa kiyibodi. "Ndikakonza kwatsopanoku, kwakale kumatsatira. Sindimadziwa."

"Katswiri wathu sankadziwa. Bwezerani."

"Ndibwezera bwanji? Ukukumbuka kamene kanali pamwamba pa kanzake?"

Mtsikanayo anayesa kukumbukira. Ka makalata ofunsira ntchito kanali pansi, kapena pambali pa ka maliro? Miyezi isanu akuyang'ana ngodya imodzimodziyo, koma sanathe kutchula. Mantha anamugwira kuposa mkwiyo. Anakhala pa benchi ya makasitomala, thumba pamiyendo.

"Munachita dala. Mumafuna kuwachotsa bambo kalekale."

Mchimwene wakeyo anakoka kachithunzi kamodzi kupita nako kumanja, n'kukasiya pakati, posadziwa pokaika.

"Dala ayi. Koma iwe umabwera kudzawaona kenako umapita kukagona pabedi pako n'kumalota. Ine ndimakhala pampando pawo kuyambira m'mawa, anthu akulowa n'kumandiitana ndi dzina lawo." Anapukuta nkhope ndi chikhato. "Ndimangofuna, mlongo wanga, tsiku limodzi lokha ndiyatse chinthuchi osawapezamo."