Goloboyi Waulemu

Lachitatu pa 15 Novembala 2006, timu yachiwiri ya koleji ina ya ku Greenwich inagonja 2-1. Zigoli zonse ziwiri zinalowa mofanana. Mpira unachokera pakona, uli m'mwamba. Goloboyi, Shadrick, anatuluka kuti augwire. Wotchinga kumbuyo, a Biswick, anadumphanso kuti aumenye ndi mutu. Anagundana, mpira n'kugwera pamapazi pa mdani.

Shadrick anali ndi zaka 19, ndipo anabwera kuchokera ku Zomba mu Ogasiti. A Biswick anali ndi zaka 36. Masana ankaphunzira unamwino, masiku ena n'kumagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Kochi, a Morton, anali mkulu wa mpingo ku Barking, kumene onse atatu ankapemphera.

Masewera atatha a Morton anatengera Shadrick kunyumba kwawo. Anayamba kulankhula asanavule n'komwe jekete.

"Lachitatu likubwerali pagolo pakhala wina. Iwe ukhala pabenchi."

Shadrick anayang'ana pansi.

"Ndakuuza kangati? Mpira ukakhala wako, itana! Fuula! Pakamwa unapasiya pa eyapoti?"

"Ndinaitana, abambo."

"Unaitana? Ine ndinali pamzere pomwepo, sindinamve kanthu."

Mayi Ellen, akazi a Morton, ankasita yunifolomu, poti m'mawa anali ndi shifiti kuchipatala ku Romford. Anafunsa osadzutsa mutu.

"Unati chiyani, mwanawe? Tanena mmene unaneneramo."

Shadrick anayankha motsitsa mawu. "Ndinati, 'Pepani achimwene, mundisiyireko umenewu.'"

A Morton anagwira kumutu. "Pepani achimwene! Mpira uli m'mwamba, iwe ukuodira ngati wafika pakhomo pa apongozi? Mmene umamaliza mawuwo, adani anali atayamba kale kuvinira chigoli!"

"Nanga akanati chiyani?" anafunsa Mayi Ellen.

"'Biswick, choka!' Basi. Anzake onse aja amazazirana pabwalo, palibe amene amalira."

Mayi Ellen anaimika simbi. "Mu Seputembala, pabwalo lomwelo, ine ndilipo ndi fulasiki yanga ya tiyi, mwanayu anafuula kuti 'Biswick!' Inu munaimitsa mpira. Munati chiyani?"

"Imeneyo ndi nkhani ina."

"Munati, 'Iwe, amenewa ndi saizi yako? London isakuzunguze mutu. Ndinalonjeza mayi ako kuti ndikulera bwino.' Lamlungu lake munabwereza kutchalitchi, pamaso pa anyamata onse."

"Ndinkanena za ulemu!"

"Anamva. Ulemu wake ndi umenewu, zigoli ziwiri."

"Ndiye wolakwa ndine? Ndine ndinagwetsa mpira? Ndimavala magolovesi ine?"

"Simuvala. Koma munamanga mwana pakamwa, lero mukudabwa kuti sakulankhula."

A Morton anati wosewera wanzeru amasiyanitsa yekha bwalo ndi tchalitchi. Mayi Ellen anati kusiyanako akanamuuza ndi kochi. A Morton anati a Biswick nawonso ali ndi maso, akanaona goloboyi akubwera. Mayi Ellen anati munthu amene akuyang'ana mpira m'mwamba saona kumbuyo, n'chifukwa chake pamafunika mawu.

Pomaliza a Morton analoza Shadrick chala. "Mvera. Ndikupatsa mpata umodzi wokha. Woyimbira akangoliza wezulo, kulibe achimwene, kulibe abambo. Ukangonena 'pepani', ndikutulutsa pompo."

"A Biswick muwauza?" anafunsa Shadrick.

"Ndiwauza."

Sanawauze. Loweruka a Biswick anali kuntchito, ndipo Lamlungu a Morton anaona kuti kutchalitchi si malo ake.

Pa 22 Novembala kunagwa mvula. Masewera ali pafupi kutha, timu ya a Morton inkatsogola 1-0. Adani anapeza kona. Mpira unabwera m'mwamba monga kale, a Biswick n'kukonzeka kudumpha. Shadrick anatuluka.

"Biswick, choka iwe!"

Mawuwo anamveka mpaka pokwerera basi. A Biswick anangoti njoo, kukamwa yasa. Shadrick anagwira mpira ndi manja awiri n'kuugonera. Palibe chigoli chinalowanso.

Anyamata ena akukumbatirana, a Biswick analunjika kwa kochi, matope ali m'mawondo.

"A Morton, ine ndili ndi ana awiri. Kamwana aka kanditchula dzina, kandithamangitsa ngati nkhuku, pamaso pa anthu. Mwakaphunzitsa ndinu?"

"Koma tapambana, a Biswick."

"Sindinafunse zimenezo. Kamnyamata kanali ndi khalidwe, inu mwakaononga. Nkhaniyi ndikaitula kwa akulu a mpingo."

"Mkulu wa mpingo ndine!"

"Ndiye mukayankha bwino," anatero a Biswick, n'kunyamula chikwama chawo.

Shadrick anadikira kuti achoke. Kenako anafika pafupi, manja kumbuyo.

"Abambo, sabata yamawa ndili pagolo?"

"Uli pagolo."

"Ndidzafuulenso?"

A Morton anayang'ana a Biswick akupita kusiteshoni okha, mvula ikuwanyowetsa, osacheuka.

"Udzafuule," anatero. "Koma Lamlungu kutchalitchi ukakhale pabenchi yakumbuyo kwenikweni. Ine ndiye ndilibe kothawira."