Chipereganyu cha Tchuthi

Boma litagulitsa kampani ya zikopa ya ku Vingunguti, choyamba kusintha chinali geti. Eni ake atsopano anachotsa chitseko chakale cha malata chija chinkamangidwa ndi waya, nkuikapo chachitsulo, pamodzi ndi mlonda wosadziwa kuseka. Fungo lokha ndi limene silinasinthe. Zikopa zinkabwerabe kuchokera kophera ng'ombe zikudontha magazi, anthu nkumazipala, kuzithira mchere ndi kuziunjika, akhwangwala ali ndandanda padenga kudikira zawo.

Pakati pa opala zikopawo panali Amalawi atatu: a Kalekeni a ku Dedza, a Roy a ku Dowa, ndi a Tomasi a ku Salima. Kampani inkapatsa aliyense mwezi umodzi wa tchuthi pachaka, koma mwezi n'chiyani kwa munthu wakutali chonchi? Ukwere basi mpaka ku Mbeya, uwoloke Songwe, ugone m'madepoti, pofika kwanu maganizo ali kale pobwerera. Ndiye atatuwa anachita chipereganyu, osati cha ndalama koma cha tchuthi. Mmodzi ankapita kumudzi miyezi itatu yathunthu. Mwezi woyamba unali wakewake. Mwezi wachiwiri mnzake ankatenga tchuthi chake koma osapuma, ankabwerabe kuntchito nkumavomera dzina la wopitayo akamaitana mayina m'mawa. Mwezi wachitatu winayo ankachita chimodzimodzi. Kapitawo wakale, mkulu wina amene ankamutchula kuti mzee Abdulhamidi, ankadziwa zonsezi koma ankangoyang'ana kumbali, poti zikopa zinkapalidwa ndithu.

A Roy anali atapita kale, a Tomasi anapita chaka chatha. Chaka chino inali nthawi ya a Kalekeni, ndipo ulendo wawo sunali wokacheza. Kwawo kwa akazi awo, a Loyce, mwamuna ndi mkamwini. Amayenera kulima, kufolera nyumba ndi kuoneka pamaliro, osati kumangotumiza zitenje za ku msika wa Kariakoo. Dalaivala wina wa lole, Khumbo, anabwera ndi uthenga wochokera kwa mlongo wawo wa a Loyce: mlamu akapanda kubwera kudzakolola ndi kumanga nkhokwe chaka chino, ankhoswe akhala pansi, ukwati utha, ndipo ana atsala kuchikazi. Khumbo anawonjezera, maso ali pansi, kuti pali mphunzitsi wina amene wayamba kumaimika njinga yake pakhomopo. A Kalekeni anachita mantha enieni, moti kuyambira tsiku limenelo chakudya chinasiya kukoma.

Mvula ili pafupi kutha, eni ake atsopano aja anawapumitsa pantchito mzee Abdulhamidi popanda ngakhale kutsanzikana ndi anthu. Sabata yomweyo bwana watsopano, a Keith, anaimitsa antchito onse padzuwa nkuwauza malamulo. Tchuthi cha mwezi wathunthu chatha. Munthu azipuma sabata imodzi imodzi, pa nthawi imene kampani yafuna, ndipo kusunga masiku kuti udzawatenge chaka china kwaletsedwa. Aliyense apatsidwa chitupa chokhala ndi chithunzi chake, choonetsa pageti polowa. A Keith anayankhula mofatsa, akumwetulira, ndipo pamapeto anathokoza onse chifukwa chomvetsa. Palibe amene anali atanena kuti wamvetsa.

A Kalekeni anaona kuti zavuta. Sabata imodzi ndi yongofika ku Dedza, kumwa madzi nkutembenuka. Ndipo ndi chithunzi pachitupa, a Roy ndi nkhope yawo yaitali ija akanalowa bwanji pageti nkunena kuti ndine Kalekeni?

Masana a tsiku lotsatira, mayi Mwanaima, mtsogoleri wa bungwe la antchito pakampanipo, anasonkhanitsa anthu kuseri kwa nyumba yosungira mchere. Anati kudula tchuthi m'zidutswa popanda kukambirana ndi antchito n'kulakwa, ndipo bungwe lilimbana nazo, ngakhale nkhaniyo itenga nthawi. Koma anatsindika chinthu chimodzi: masiku amene munthu anasunga lamuloli lisanabwere ndi ake, bwana sangawadye. Amene sanapume zaka zapitazi ali ndi ufulu wopuma masiku ake onse.

A Kalekeni mtima unagwa pansi. Kodi iwo si amene sanapume zaka ziwiri zathunthu? Anakondwa mpaka kugulira anzawo tiyi ndi mandazi. A Roy, munthu wosachedwa kununkhiza zoipa, anawachenjeza kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ayambe akafunsa kaye mayi Mwanaima paokha asanachite chilichonse. A Kalekeni anavomera ndi pakamwa pokha. Mumtima ankati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo a Roy akuyankhula chonchi chifukwa kwawo anapitako kale.

M'mawa mwake anasamba m'manja kawiri, nkukagogoda ku ofesi ya a Keith. M'katimo munali mozizira ngati m'chipinda chosungira nyama. Anafotokoza zonse m'Chiswahili chawo chotsimphina, ndipo anafotokoza monyadira, kuti bwanayo aone munthu wokhulupirika. Anati pamene kampani inkaganiza kuti iwo ali pa tchuthi, iwo anali pano, mpeni uli m'manja, chaka china m'dzina la Roy, chaka china m'dzina la Tomasi. Palibe chikopa chimene chinawola chifukwa cha iwo. Tsopano akungopempha masiku awo.

A Keith sanakwiye, ndipo ndi pamene munthu wochenjera akanayamba kuopa. Anawapatsa mpando, nkuwamvetsera mpaka kumapeto osawadula mawu. Kenaka anawapempha kuti abwereze mayina a anzawo aja, pang'onopang'ono. Anafunsanso ngati onse atatu ndi ochokera ku Malawi.

"Sawa, mzee," anatero a Keith. "Bwererani kuntchito. Tikuitanani."

A Kalekeni anatuluka akuyenda ngati mnyamata. Panjira anakumana ndi mayi Mwanaima atanyamula ndowa, ndipo anawauza kuti nkhani ya masiku osunga ija yawathandiza, poti iwo ali ndi miyezi iwiri imene sanapume. Mayiwo anafunsa kuti anaisunga bwanji. Pamene a Kalekeni ankafotokoza za chipereganyu, nkhope ya mayi Mwanaima inayamba kusintha, ndipo anatula ndowa ija pansi.

"Kaka Kalekeni, likizo yanu, tchuthi chanucho, munatenga chaka chilichonse," anatero motsitsa mawu. "Kampani ikudziwa kuti munapuma. Ine ndingamenyere nkhondo munthu amene anamukaniza tchuthi, koma inu palibe anakukanizani. Chimene chilipo n'chakuti munkagwira ntchito m'dzina la munthu wina, ndipo anzanu anajomba miyezi iwiri iwiri akulandira malipiro. Anthu awa akufuna kuchepetsa antchito popanda kuwalipira kanthu, akungosowa chifukwa. Inu atatu ndinu alendo m'dziko muno, ntchito ikatha ndiye kuti chilolezo chokhalira chathanso. Musauze munthu aliyense zimenezi. Mwandimva?"

A Kalekeni anacheukira kumbuyo. Mayi Mwanaima anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana kumene iwo anachokera, ku khomo la ofesi, ndipo anagwira pakamwa.

A Kalekeni anaganiza za ana a a Roy amene anabadwira konkuno ndipo ali pasukulu ku Gongo la Mboto, ndi mkazi wa a Tomasi amene anali woyembekezera. Anaganizanso za iwo eni akutsika basi ku Dedza chimanjamanja, opanda ntchito, alamu awo akuwaonera patali. Anakhala pa thumba la mchere.

Mlonda wa pageti uja analowa m'nyumba yopalira zikopa. Posakhalitsa anatuluka ndi a Roy ndi a Tomasi. A Roy atangoona a Kalekeni pathumba paja anadziwa, ndipo anadutsa osawayang'ananso. A Tomasi anatsalira pang'ono, akupukuta manja pa ovolosi, nkhope ili mwee.

"Achimwene, tiyeni, akutiitana tonse atatu," anatero. "Ndiye kuti zanu zija zatheka. Mukafika kumudzi mukawapatse moni alamu athu."