Ufa wa Marita pa Bwalo la Ndege

Bwalo la ndege la pa esiteti ya fodya, kuseri kwa Namitete, linali udzu wotchetcha basi. Nsanja panalibe, wailesi panalibe. Panali a Hilario ndi nsalu yawo yoyera. Akaiyala, ndege itere. Akaichotsa, ipitirire.

Tsiku limenelo mwana wawo Natalia anali gone pa machira m'mphepete mwa bwalo, khanda litakana kutuluka, azamba atagwa mphwayi. Ndege ya dokotala wa mishoni inali m'njira kudzamutenga. Marita, mayi wake, ankamupukuta thukuta, maso ali kumwamba.

Kandege kofiira ka dokotala kanatulukira kum'mawa, kakutsika. Kenako Marita anamva kulira kwina. Pamwamba pake penipeni panali ina yotuwa, ya ophunzira a ku Lilongwe. Imeneyi onse ankaidziwa. Wophunzira amamuphimba kumaso kuti aziona mawotchi oyendetsera ndege a m'kati okhaokha, mphunzitsi ndiye amasuzumira kunja, koma za kunsi kwa mimba ya ndege sangazione. Zonse ziwiri zinkalunjika malo amodzi.

"Bambo ake Natalia, chotsani nsaluyo."

"Ndikachotsa adokotala abwerera. Nanga mwanayu?"

"Zikagundana atenga ndani? Chotsani, inu."

A Hilario anaikoka, kuipinda, kuikhalira. Ndegezo sizinasinthe. Yotuwa inkatsikabe, matayala ake akuyandikira msana wa inzake.

"Akuona chiyani anthuwa?" anafunsa a Hilario.

Marita anatembenuka. Kumapeto kwa bwalo kunali mphasa zake, ufa woyera uli mbee padzuwa. Pabwalopa nkhuku sizifika, ndiye m'mawa anayanika pomwepo monga amachitira amayi onse, mutu uli kwa wodwala. Kwa munthu ali kumwamba, ufa ndi nsalu n'chimodzi.

Anathamanga, chitenje chikumukola m'miyendo. Anagwira mphasa yoyamba n'kuigudubuza, yachiwiri anaikwapulira m'mwamba. Mphepo inanyamula ufawo ngati utsi. Mkokomo unamudutsa pamutu, iye n'kudzigwetsa chafufumimba, kudikira chiphokoso.

Sichinabwere. Atadzutsa mutu, kofiira kanali katapendekera kumanzere, kakupalasa nsonga za mitengo. Yotuwa inkakwera, ikubwerera kwawo. Posakhalitsa kumwamba kunangoti zii.

"Amayi," anaitana Natalia motsitsa, "apita?"

"Ugone iwe. Akuzungulira."

Sankadziwa ngati akunena zoona. Anagwira dzanja la mwanayo, linali lozizira. A Hilario anayalanso nsalu, akupsinja ngodya zake ndi miyala, osayang'ana mkazi wawo.

Patapita nthawi kunamveka injini imodzi, kutali. Marita anatchinga dzuwa ndi chikhatho mpaka anaona kufiira. Anaimirira, ufa uli thupi lonse, n'kugwira mtengo wa machira kumutu.

"Gwirani kumiyendoko," anauza mwamuna wake. "Tisadikire kuti ayime."