Amalume Akadali ku Phalombe

Amayi atagwa pakhonde kwathu ku Bangwe, pakamwa patapotoka, kuchipatala anawajambula m'mutu. Dokotala anandionetsa chithunzicho. Anati mtsempha wa m'khosi wopititsa magazi ku ubongo watsala pang'ono kutsekeka, koma ubongowo sunawonongeke kwenikweni. Munthu wotere opaleshoni ya pakhosi imamuthandiza, bola ichitike sitiroko ina isanabwere. Madokotala odziwa ntchitoyo anali alendo, ndipo ankanyamuka kumapeto kwa mwezi.

Amayi anakana kusayina. "Mpeni pakhosi panga mlongo wanga asakudziwa? Thandie, aitane amalume ako."

Amalumewo ndi a Chancy a ku Phalombe, eni mbumba, omwe foni yawo imakhalira kutchajidwa pagolosale. Ndikaimba, ankayankha mwini golosaleyo, mpaka tinazolowerana. Nditawapeza pafonipo, anati kuli maliro. Maliro atatha, anati nandolo akuthetheka m'munda. Ndinawapempha kuti angovomera pafoni pomwepo.

"Nkhani ya mpeni sitikambira pafoni, mwana iwe. Ndikubwera."

Zinandikwana. Ndinachonderera amayi, ndinawakalipira, ndinalira, koma iwo ankangoyang'ana kukhomo la wodi. Mchimwene wanga Feston, amene ankangobwera ndi nthochi n'kuthawa, ndiye anali ndi malangizo ambiri. "Sisi, osawaforsa masteni. Zikavuta ku theatre, mudzi wonse udzaloza iweyo."

Mmawa wina ndikuwamwetsa phala amayi, supuni inangoima pamilomo. Dzanja lamanja linali lende, mawu osatuluka. Anawajambulanso. Dokotala sanachedwe nacho chithunzi chachiwiricho. Anandilozera dera lalikulu lomwe linali litada, n'kunena kuti apa opaleshoni singabwezenso kanthu.

Amalume anafika mawa lake masana, atavala jekete, kathumba ka nandolo kali m'manja. Anakhala pampando, ine n'kugwada pansi kuwafotokozera zonse kuyambira pachiyambi. Anamvetsera akugwedeza mutu, kenaka anapukusa.

"Nanga iwe, mwana wopita kusukulu, dokotala atanena kale, umadikira chiyani? Ine zachipatala ndizidziwira kuti?"

Ndinatembenukira kwa amayi kuti amuyankhe okha mlongo wawoyo. Anayesa ndithu, milomo inagwedera, koma panangotuluka mpweya.