Siketi ya Tadala

"Kodi akupita kukoleji ndi inu kapena mwana?" anandikalipira mkazi wanga.

Ndinali nditalanda mwana wathu Tadala cholembera n'kumulembera ndekha kalata yopempha thandizo la maphunziro. Popanda thandizolo, za unamwino aiwale. Kalata imene iye analemba inkangonena za momwe ankatsukira bala la azakhali ake. Zamanyazi! Ndinamenyetsa chitseko.

Ndiye usiku ndinalota ndili pabenchi, nditavala yunifolomu ya Tadala, siketi ikundifinya mimba. Anthu atatu opanda nkhope anali atagwira kalata yanga.

"Tadala, n'chifukwa chiyani ukufuna unamwino?"

Nditatsegula pakamwa munatuluka inki yowawa ngati kwinini. Ndinamenya tebulo kuti awerenge kalatayo. Wina anainunkhiza nati, "Ikununkha bambo wamkulu." Pawindo Tadala ankagogoda, koma galasi silinkalira. Ndevu zanga zinkangokula mpaka kuphimba tebulo. Kenaka anandidinda pachipumi chidindo chozizira: wakanidwa.

Kaya ndi nyemba ndinadya zija, kaya. Sindine womasulira maloto.

M'mawa ndinang'amba kalata ija, ndi Chingerezi changa chonse, n'kumubwezera Tadala cholembera.

"Lemba za bala lija. Ine ndili panja."