Ndowa ya Kochi Rucker

Kuno ku Mississippi timu ya koleji ikapambana masewero aakulu, anyamata amanyamula ndowa ya madzi oundana n'kumukhuthulira kochi pamutu. Mnzanga Delbert Rucker anakalamba asananyowepo.

Tinasewera limodzi mpira wa kuno ku America pa koleji ya Pellam tili anyamata. Iye ankathamanga ndi mpira, ine ndinkagundana ndi anthu kuti adutse. Atathyoka bondo anakhala kochi pomwepo, ndipo chaka ndi chaka a ku Harlow, adani athu a tsidya la mtsinje, ankatikwapula ngati ana. Delbert ankawalalikira anyamata kuti ulemu ndi utsi chabe. Bodza lenileni! Ndinkamuona mmene ankaiyang'anira ndowa ija, ngati galu pakhomo la butchala.

Chaka chake chomaliza pa ntchitoyo mtima unayamba kumuvuta. Mkazi wake Lurleen anapita mwakachetechete kukaopseza timu yonse.

"Ana inu, adokotala akuti asadzidzimuke. Amene awathire bambo anuwa madzi ozizira aona polekera."

Delbert sanadziwe kanthu. Tsiku la masewero ndi a Harlow anandipatsira foni yake.

"Ndisungire, Hoyt. Ingagwe."

"Ingagwe kapena inganyowe, mdala?"

"Tseka pakamwa iwe."

Ndiye tinapambana, abale! Bwalo lonse linapenga. Delbert anaima m'mbali mwa bwalo atafulatira benchi, atakweza mapewa, akunamizira kuwerenga zigoli pa bolodi. Anyamata awiri anatulukira kumbuyo kwake atanyamula ndowa. Atafika pafupi anayang'ana kumene kunakhala Lurleen, n'kukhota. Madzi onse anathera pa Tanner, wachiwiri kwa Delbert, amene anabwera chaka chomwecho ndevu zisanamere n'komwe.

Atolankhani amathamangira wonyowa. Makamera anamuzungulira Tanner, iye akunjenjemera, uku akufotokoza za khama la zaka zambirimbiri.

Kaputeni wa timu anabwera n'kumugwira Delbert dzanja mwaulemu wonse.

"Kochi, ife timakukondani. Sitinafune kukuphani."

"Mwachita bwino, mwana wanga."

Chikondi chawocho chinandikwiyitsa zedi. Delbert anaima pamenepo kanthawi, ali wouma gwa. Kenako anavula jekete yake, nadutsa pakati pa makamera popanda womufunsa dzina, n'kumufunditsa Tanner pamapewa.

"Valani, akochi," anatero. "Mungadwale chimfine."