Madzi Akuda M'dimba la Filomena

A Petro Sakala anagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi pa maiwe atatu osefera madzi a m'zimbudzi, kunsi kwa tauni ya Katete. Kale madziwo ankalowa onunkha m'dziwe loyamba, n'kukatuluka lachitatu obiriwira, achule akulira momwemo. Mlongo wawo Filomena ankathirira nawo repu m'dimba lake kudambo.

Koma tauni inakula. Magalaji anayamba kutayira oyilo m'mipope, mabutchala magazi, masaluni mankhwala a tsitsi. Matewera ndi mapulasitiki ankatseka sefa tsiku ndi tsiku. Ndere zomwe zinkayeretsa madzi zinafa. Anthu anamanga nyumba mpaka m'tsinde mwa khoma la dothi la dziwe lachitatu. A Petro anadandaula kwa mabwana awo mpaka kukamwa kuuma.

"Tikuziona, a Sakala," ankangotero.

Lachinayi lina mu Januwale mvula inalimba kuyambira m'mawa. Poti mabwalo ambiri m'tauni anali owaka simenti, madzi anasowa polowera pansi, onse anathamangira m'mipope. Pofika masana dziwe lachitatu lija linadzaza ndendende, khoma likuchucha pamwamba pa nyumba za anthu. A Petro anaimba foni ku ofesi, koma inangolira. Mayi wina anatuluka m'nyumba khanda lili kumsana, anayang'ana khomalo, kenako anayang'ana iwo.

A Petro anagwira chitsulo cha geti lotayira madzi kudambo, napotokola. Madzi akuda bii anatsetsereka ndi mkokomo.

Mvula itakata anatsikira kudimba. Anapeza Filomena ataima m'matope olekeza m'mawondo, repu yense atamira, chitsime chomwe ana ake ankamwapo chitadzaza zonyansa.

"Achimwene, mwatsegula ndinu?"

"Ndine."

"Osanditumizira n'mawu omwe?"

"Nthawi panalibe, mlongo wanga. Khoma likanagwera anthu."

"Nanga ife si anthu?"



Sabata yomweyo chitsiriza cha Filomena chinagonekedwa m'chipatala, chikutsegula m'mimba. A Petro anapita ndi nthochi, koma Filomena anawaimitsa pakhomo la wodi n'kuwauza kuti abwerere nazo. Mwanayo anachira. Dimba lokha silinaberekenso, ndipo Filomena anasamukira kwa apongozi ake ku Sinda osatsanzika.

Mu Febuluwale kunabwera kalata ya ku ofesi yochenjeza a Petro chifukwa chotsegula geti popanda chilolezo. Anaiwerenga kawiri, nasaina.